Chala cha Asewele

Mdzukulu wanga anabadwa masiku asanakwane. Mwana wanga wamkazi anali akuyanika usipa pathandala kunyanja, ku Mbamba Bay konkuno, pamene msana unayamba kumudula. Tinathamangira kuchipatala pa njinga zamoto zimene kuno amati bodaboda, iye pa yakutsogolo, ine pa yam'mbuyo nditakumbatira beseni ndi zitenje. Kamwanako kanatuluka kakang'ono zedi, moti ndikakanyamula ndinkasuzumira m'nsalumo kuti ndione ngati mulidi munthu. Anesi anati kazikhala pachifuwa pa mayi wake nthawi zonse, ndipo anatiika m'kachipinda ka ana osakwana masiku. Kenako anatembenukira kwa ine, poti ndine ndinali wodikirira, nandiuza m'Chiswahili chosapita m'mbali, akunditchula kuti Bibi, kutanthauza agogo.

"Bibi, mwana uyu mphamvu zolimbana ndi matenda alibe. Akafa, adzakhala atamupha ndi manja a anthu omukonda."

Ndinagwedeza mutu ngati wophunzira wabwino. Sindinadziwe kuti andipatsa ntchito yodana ndi anthu onse amene ndimapemphera nawo.

Pakhomo pa kachipindako panali ndowa ya mpopi, pansi pake beseni, pambali pake sopo wamadzi m'botolo loboola pachitsekerero. Lamulo linali lalifupi. Wolowa asambe m'manja, wachifuwa kapena wachimfine asalowe, ndipo mwana azigwiridwa ndi mayi wake, anesi, ndi ine wodikirira basi. Mwana wa sukulu ya mkaka akanalimva lamuloli. Tsoka lake odzaona odwala kuno si ana a sukulu ya mkaka, ndi akuluakulu aulemu wawo.

Ine kwathu ndi ku Nkhotakota. Ndinabwera kuno pa sitima ndili mtsikana, kudzagula usipa umene kuno amati dagaa, ndipo ndinakwatiwa, kubereka, kuika mwamuna m'manda, mpaka imvi zandipezera konkuno. Anthu a mbali zonse ziwiri za nyanja ndimawadziwa, ndipo pa nkhani ya manja ndife amodzi. Tisanadye timasamba m'beseni limodzi, kuyambira wamkulu kutsikira kwa wamng'ono, ndipo womaliza amasamba m'madzi ooneka ngati msuzi nkumati wayera. Nthawi ya korona ndowa za mipopi zinali paliponse, kumsika, kudoko, pakhomo pa tchalitchi. Matendawo atangoti zii, ndowazo zinapeza ntchito zenizeni, ina yoviikamo chinangwa, ina yogulitsiramo thobwa. Ndiye munthu wotereyu ukamuuza kuti asambe m'manja asanaone mwana, amamva kuti wamunena uve. Ukalimbikira, amamva kuti wamunena ufiti.

Oyamba kufika anali amayi a jumuiya, kagulu kathu ka kutchalitchi kopemphera m'makomo. Anabwera atavala zitenje zofanana, atanyamula mafulasiki a phala ndi nthochi. Ndowa ija anaidutsa osaiyang'ana, ngati mmene munthu amadutsira wamisala pamsika. Amayi apampando anandigwira chanza, kugwira chanza mwana wanga, kugwira chanza mayi aliyense m'chipindamo bedi ndi bedi, poti kulumpha munthu pa moni ndi mwano. Atamaliza kusonkhetsa thukuta la chipinda chonse, anatambasula manja omwewo.

"Tipatseni mlendoyo timuone."

"Amayi, anesi akuti tiyambe tasamba m'manja," ndinatero ndi mawu ofatsa amene ndimasungira ansembe ndi apolisi a padoko.

"Tasamba kunyumba."

Kuchokera kunyumba kwawo kufika pachipatala munthu amadutsa pamsika wa nsomba, kenako nkukwera bodaboda atagwirira jekete la woyendetsa, lomwe chigulireni silinaonepo madzi kupatula a mvula. Ndinayesa kufotokoza za tizilombo tosaoneka ndi maso, monga anandiphunzitsira anesi. Anandiseka. Mayi wina anati iye ana ake onse anaberekera pamphasa, mchombo kudula ndi lumo lometera, ndipo palibe chinachitika. Ena mwa anawo tinakawaika kumanda ine ndili pomwepo. Wina anati mwana amasunga ndi Mulungu. Ndinafuna kufunsa kuti Mulunguyo anayambana liti ndi sopo, koma ndinameza. Potsiriza, pofuna kundichitira chifundo, ananyowetsa nsonga za zala ngati mmene timachitira ndi madzi odalitsa polowa m'tchalitchi, napukutira pa zitenje zomwe anakhalira pa bodaboda. Mwana sindinawapatse. Ndinanama kuti akuyamwa, ndipo anachoka akung'ung'udza kuti amayi a ku Malawi aja ayamba kudzimva.

Anesi anali mmodzi, zipinda zambiri. Akalowa iwo, aliyense ankasanduka wolungama, ena mpaka kuyimirira pamzere wa ndowa akumwetulira. Akangotuluka, zonse zinkabwerera mwakale. Sindikuwanena anesiwo, munthu sangabaye jakisoni kwina, kubereketsa kwina, nkukhalanso mlonda wa pakhomo.

Pabedi loyandikana ndi lathu panali mtsikana wa ku Tingi, wamanyazi, mwana wake woyamba, nayenso wosakwana masiku. Abale ake ankabwera chigulu ngati akupita ku ukwati. Mwanayo ankayenda kuchoka m'manja mwa uyu kupita mwa uyo, wina kumupsompsona, wina kumufunyulula kuti aone ngati mchombo wafanana ndi wa kumtundu kwawo, nkuudina ndi chala. Ndinamunong'oneza mtsikanayo kuti aziwakaniza. Anangoyang'ana pansi nati, "Mama, apongozi ndingawakanize bwanji?"

Sipanapite masiku ambiri, mchombo wa mwanayo unafiira, kutupa, kuyamba kununkha. Anasiya kuyamwa. Anamutengera kuchipinda china, ndipo sanabwererenso. Tinangoona bedi atayalula, akulipukuta ndi mankhwala onunkha aja, kenako tinamva kulira kunja kwa mpanda. Abale omwe aja, manja omwe aja ali kumutu, ankafunsana kuti walodza mwana ndani.

Ndinachita mantha, mantha enieni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mdzukulu wanga mchombo unali usanagwe, ndipo Lamlungu linali pafupi, tsiku limene anthu akatuluka mu Misa amakhala atadzaza chikondi chofuna pokachitsanulira. Ndinaona kuti nkhani ya tizilombo sindingapite nayo patali. Anthu athu chinthu chosaoneka amachiopa ndithu, bola chisakhale chochokera kuchipatala.

Ndipamene ndinakumbukira mwambo wa kwathu. Mwana wakhanda, mchombo usanagwe, timati ali m'chikuta, ndipo ndi wozizira. Munthu amene akugona ndi mwamuna kapena mkazi timati ndi wotentha, ndipo akamugwira mwanayo amamudwalitsa tsempho, mwana nkutupa, nkunyentchera. A kuno nawonso ali ndi mwambo wofanana, dzina lokha ndiye lina. Tonse timati tinazisiya zimenezi titabatizidwa. Ine ndinazisiyadi, koma ndinkadziwa pomwe ndinazisiyapo.

Lamlungu ndinakoka mpando nkukhala pakhomo penipeni. Amayi a jumuiya atafika, pamodzi ndi anzanga a malonda a ku Malawi, ndinasankha mmodzi amene pakamwa pake sipagona nkhani, nkumulankhula motsitsa mawu, koma osati motsitsa kwambiri.

"Mwanayu akadali m'chikuta. Kwathu wotentha samukhudza. Koma yemwe akudziwa kuti kunyumba kwake kukuzizira masiku ano, abwere anyamule, ine sindikaniza."

Abale inu, chozizwitsa ngati chimenecho sindinachionepo ngakhale pamisonkhano ya chitsitsimutso. Manja onse anabwerera kwa eni ake. Otentha anaopa kuti mwana akadwala adzalozedwa chala. Ozizira anaopa choopsa kuposa pamenepo, kuti gulu lonse lidziwa kuti bambo akunyumba anasiya kalekale kuwatembenukira. Amayi apampando, amene sabata ndi sabata amatidzudzula za miyambo yachikunja, anapinda manja pachifuwa nanena kuti mwana amaoneka bwino ukamuonera patali. Mayi wina, mwamuna wake nkhalamba yoyendera ndodo yosamvanso ndi makutu omwe, ndiye anathawira kukhoma kwenikweni kuti pasakhale womukayikira. Anaimba, anapemphera, anatsanzika, mwana osamukhudza ngakhale ndi chikhadabo.

Anesi anadabwa. "Bibi, mwawauza chiyani anthu anuwa?"

"Ndawafotokozera za tizilombo," ndinatero.

Anasangalala kwambiri, nati mwaona, anthu akaphunzitsidwa bwino amamva. Ine ndinavomereza. Masiku otsatirawo ndinkayenda m'khonde la chipatala mapewa ali m'mwamba, ndikudziona wanzeru kuposa madokotala onse a m'boma la Nyasa.

Kenako anafika asewele anga, amayi ake a mkamwini wanga, ochokera ku Kihagara.

Ndiyenera kunena kuti mayi ameneyu anali ndani kwa ine. Pamene mwana wawo wamwamuna, yekhayo amene anali naye, anafuna kukwatira mwana wanga, abale awo anati mwana wa mlendo wa kutsidya sadziwika mtundu wake. Asewele ndiwo anawatseka pakamwa. Mwamuna wanga atamwalira anabwera kudzagona nane pamphasa mpaka maliro kutha, akundiphikira, akunditungira madzi osamba, akundikakamiza kudya. Chilankhulo chawo ndi chathu ndi pachibale, ndiye tinkacheza iwo chawo ine changa, pomwe tasemphana nkuponyapo Chiswahili. Ankanditchula kuti mwenzangu, kutanthauza mnzanga. M'dziko la eni lino, mnzanga weniweni anali iwowo.

Anachedwa kubwera chifukwa ankadwala. Anafika nthawi yoona odwala, amayi a jumuiya ali mkati, atasenza dengu la ufa wa kondowole ndi nsomba zowamba. Nthungululu anayambira pageti. Koma nthungululuyo inathera m'chifuwa, chifuwa chochokera pansi chimene chinawaweramitsa mpaka kugwira khoma. Atatula dengu ndinaona chala chawo cha mkombaphala. Minga ya kampango inawabaya, chala chinatupa, ndipo anachimanga ndi kansanza komwe kanali katanyowa ndi mafinya. Pangodya ya chitenje anamanga kamfundo, ndipo sindinafunikire kuuzidwa kuti muli mankhwala akuda opaka pamchombo.

"Eee, afika ozizira enieni!" anatero amayi apampando, akundiyang'ana ndi diso lakumbali. "Awa ndiye palibe chowaletsa. Bambo anamwalira kalekale. Bibi, lowani munyamule mdzukulu wanu, mutinyamulireko tonse."

Msampha ndinatchera ndekha, ndipo unandigwira mwendo wanga womwe.

Chimene chimandipweteka mpaka lero nchakuti mwa anthu onse amene anabwera kuchipatala kuja, asewele okha ndiwo anapita pandowa osauzidwa. Anaona sopo, anamvetsa, anasamba bwinobwino ndi mtima wonse, kansanza kaja kali pachala, madzi achikasu akudonthera m'beseni. Atamaliza anatsokomolera m'manja momwemo, mwaulemu, kuti asatsokomolere anthu. Kenako analowa, nkhope yonse ikuseka, natambasula manja kwa mwana wanga.

Mwana wanga anandiyang'ana. Anali ndi maso omwe aja a mtsikana wa ku Tingi. Dzanja lake linali litayamba kale kumasula mfundo ya chitenje chomwe anamangira mwana pachifuwa, chifukwa mkazi woleredwa bwino sakaniza apongozi, ndipo ndinamulera ndine.

Ndinaimirira pakati pawo.

"Asewele, pepani. Lero ayi."

Anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala zathu za masiku onse. "Mwenzangu, mukuopa chiyani? Ine ndine wozizira ngati madzi a mumtsuko."

"Si za kutentha kapena kuzizira ayi."

"Nanga si mwambo wa kwanu munatiuza uja?" anatero amayi apampando. "Kapena wasintha lero?"

Anthu ena anzeru akhala akundiuza kuti ndikanawatengera pambali. Pambali pake pati? Zala zawo zinali zitafika kale pansalu ya mwana. Ndinalankhula mokweza, chipinda chonse chikumva.

"Mwambowo ndinangoutola kuti muchotse manja anu pa mwanayu, poti sopo mumadana naye. Asewele, chala chanu chili ndi mafinya, ndipo mukutsokomola. Mwana simumukhudza, mankhwala anuwo pamchombo sapita, ndipo m'chipinda muno mutuluke."

Asewele anabweza manja pang'onopang'ono, nayang'ana chala chawo ngati akuchiona koyamba.

"Ndiye kuti ndine wauve," anatero motsitsa.

"Sindinatero, asewele."

"Mwatero, mama."

Sananditchulenso mwenzangu. Anabwerera chambuyo mpaka pakhomo, napempha kuti angoona nkhope yokha. Mwana wanga, misozi ili chuchuchu, anatsitsa nsalu pang'ono. Asewele anayang'ana kanthawi ali chiimire pafupi ndi ndowa, nati mphuno ndi ya bambo ake. Dengu analisiya pomwepo. Ndinawathamangira m'khonde kuwapempha kuti aonane ndi anesi za chalacho, ndipo anavomera mofatsa ngati mmene munthu amavomerera mlendo wosamudziwa. Anesi anawatumbula, kuwamanga bandeji, kuwapatsa mapiritsi a chifuwa, ndipo tsiku lomwelo asewele anabwerera kwawo.

Nkhani inafika ku Kihagara iwo asanafike. Kumeneko inamveka kuti mayi wa ku Malawi wathamangitsa agogo ake a mwana ngati mfiti, pamaso pa anthu. Amayi a jumuiya nawo anandikwiyira, osati chifukwa cha asewele ayi, koma chifukwa anazindikira kuti aulula za kuchipinda kwawo popanda chifukwa. Kwa nthawi ndithu pa mapemphero a m'makomo ndinkakhala ndi malo otakasuka mbali zonse ziwiri. Mkamwini wanga anangosiya kundiyang'ana m'maso akamandipatsa moni.

Mwana uja mchombo unagwa wouma bwinobwino. Anayamba kuyamwa mwamphamvu, masaya anatuluka, ndipo anatitulutsa. Ngati chala chija chikanamupha kapena ayi, sindikudziwa. Mwina akanangomunyamula, nkumubweza, osachitika kanthu, ine nkukhalabe ndi mnzanga. Palibe dokotala amene angandiuze, ndipo ndinaleka kufunsa.

Mwana atalimba ndinapita ku Kihagara kukapepesa, nditanyamula shuga ndi chitenje chatsopano. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, ndipo ndikanakondwa nako. Asewele anandilandira ndi ulemu wonse. Ananditulutsira mpando, iwo nkukhala pansi chapatali. Anandiphera nkhuku. Nthawi yakudya itakwana anandibweretsera beseni langalanga ndi sopo watsopano ali m'pepala lake, nagwada pondithirira madzi. Chakudya anandiikira m'nyumba ndekha, m'mbale zosungira alendo, iwo nkukadyera kukhitchini. Kale tinkadya mbale imodzi tikulimbirana mutu wa nsomba. Ndinapepesa, iwo anati palibe mlandu, mama, munachita bwino, mwana ali moyo. Ndinabwerako nditakhuta nkhuku ndi manyazi.

Mdzukulu wawo anadzamunyamula pambuyo pake, kunyumba kwa mwana wanga, tsiku limene anatsimikiza kuti ine ndapita ku Mbinga kukagulitsa usipa. Kuyambira pamenepo awiriwo anakhala chala ndi mkombaphala. Mdzukulu wathu wamkaziyu akakhala pa tchuthi ankalirira ku Kihagara, ndipo akabwerako ankandiuza kuti agogo a kumeneko ndi abwino, salalata ngati ine. Ndinkamuvomereza, poti sankanama. Ine ndi asewele tinkakumana pa maukwati ndi pa maliro, nkupatsana moni wautali, wofunsana za nkhuku ndi mbuzi zomwe, wopanda kanthu mkati.

Asewele anamwalira mdzukulu wathuyu atayamba kale sukulu. Ndinapita ndi galimoto yoyamba. Itakwana nthawi yosambitsa thupi, amayi achikulire anayamba kulowa m'nyumba, ndipo nane ndinamanga chitenje nkuimirira, chifukwa mayi amene anagona nane pamphasa pa maliro a mwamuna wanga, maliro ake sindikanangokhala ngati wodutsa. Pakhomo panaima mng'ono wawo. Sanakweze mawu.

"Inu khalani panja, mama. Mungadetsedwe."

Ndinakakhala pansi kuseri, pafupi ndi munda wa chinangwa, dzuwa likundiwotcha pamutu. Mdzukulu wanga anandipeza komweko, maso atatupa ndi kulira agogo ake, nadziponya pamiyendo panga, chimtsikana cholemera, miyendo yofika pansi, mpaka mawondo anga anachita dzanzi. Ndinamugwira mwamphamvu mpaka anadandaula kuti ndikumupweteka. Ndinalira mnzanga. Ndipo ndinalira kwambiri chifukwa ndinkadziwa kuti atandibwezera m'kachipinda kaja, asewele atatambasula manja akumwetulira, ndikanawatulutsanso.